Kodi mwana wofuna udokotala ayenera kuyamba wachita kafukufuku?

Amayi, ngati sizidakuchitikirenibe, mwina zili m'njira. Mwana wanu wa Fomu 3 kapena Fomu 4, amene wakhala akunena kuyambira ali kupulayimale kuti adzakhala dokotala, akukupezani madzulo foni ili m'manja, nkhope ili yakugwa. Akuti waona pa intaneti kuti sukulu za udokotala sizitenga munthu amene sadachitepo kafukufuku. Mnzake wa m'kalasi wamuuzanso kuti pali anthu amene amaphunzitsa zimenezi pa holide n'kupereka satifiketi, bola munthu alipire. Inu mwangofika kumene kuchokera kumsika wa Chigumula, kandalama ka tsikulo kali pansonga ya chitenje, ndipo mutu wayamba kale kuwerengera: fizi ya teremu ikubwerayi, ya mayeso, ya minibasi, tsopano kuonjezanso iyi?

Musanakatenge ngongole kubanki m'khonde, tiyeni timvane. Mwana amene akuchoka ku Fomu 4 kupita kusukulu ya udokotala kuno ku Malawi safunsidwa ngati adachitapo kafukufuku. Chimene chimamulowetsa ndi magiredi ake a mayeso a MSCE, makamaka a maphunziro a sayansi. Kafukufuku ndi wofunika kwambiri pa ntchito ya udokotala, koma nthawi yake imakwana mwana atalowa kale m'sukulumo. Mukamvetsa kusiyana kumeneku mupulumutsa ndalama zanu, ndipo mwanayo aika mtima pa chinthu chimene chingamuthandizedi.

Kodi kafukufuku n'chiyani?

Mukatsata msewu wa ku Thyolo kuchokera pa Chigumula mufika ku Bvumbwe, kumene kuli malo a boma ochitirako kafukufuku wa zaulimi. Alangizi a kumeneko akafuna kudziwa mbewu ya mbatata kapena ya tomato imene ikubereka bwino, sangokhulupirira zonena za wogulitsa mbewu. Amadzala mitundu ingapo m'timinda tofanana, kuthira feteleza wofanana, kulemba tsiku lodzala ndi lokolola, kenaka n'kuika zokolola pasikelo. Akabwereza kwa nyengo zingapo m'pamene amauza alimi kuti mbewu yakuti ndiyo yabwino. Kafukufuku ndi ameneyo: kukhala ndi funso, kulifunira yankho mwadongosolo, kulemba zonse moona, ndi kulola anzako kuti aunike ngati sudalakwitse.

Pa zaumoyo njira ndi yomweyo, koma malamulo ake ndi okhwima chifukwa akukhudza thupi ndi moyo wa munthu. Wofuna kuchita kafukufuku amayamba walemba ndondomeko yonse: akufuna kudziwa chiyani, afunsa kapena kuyeza anthu angati, ndipo awateteza bwanji. Ndondomekoyo imapita ku komiti yoona kuti anthu asachitiridwe nkhanza kapena kupusitsidwa. Ku Blantyre kuno komiti yodziwika ndi COMREC ya kusukulu ya udokotala, ndipo ku Unduna wa Zaumoyo kuli inanso yoona za dziko lonse. Komiti ikavomereza, munthu aliyense wolowa m'kafukufukuyo amafotokozeredwa zonse m'chilankhulo chimene amamva, amavomera mwa kufuna kwake, ndipo ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira popanda kumanidwa chithandizo.

Mukuona kale kuti imeneyi si ntchito yoti mwana wa zaka 16 kapena 17 angaigwire payekha pa holide ya masabata atatu.

Momwe amasankhira ana kuno kwathu

Sukulu ya boma yophunzitsa madokotala ndi Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri amangoti KUHeS. Idayamba kugwira ntchito ndi dzina limeneli mu 2021, ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, zomwe kale zidali nthambi za University of Malawi. College of Medicine idatsegulidwa mu 1991 mumzinda wa Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu, ndipo mmodzi mwa anthu amene adalimbikira kuti ikhalepo ndi Pulofesa John Chiphangwi, dokotala wa matenda a amayi. Isanatsegulidwe, Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kukaphunzira kunja.

Ana ochokera ku Fomu 4 salembera ku KUHeS mwachindunji. Zotsatira za MSCE zikatuluka kubungwe la MANEB, bungwe la National Council for Higher Education, kapena kuti NCHE, limalengeza kuti ofuna malo m'sukulu za ukachenjede za boma alembetse. Mwana amalemba maphunziro amene akufuna motsatana, kuyambira amene ali pamtima pake, n'kulipira ndalama yolembetsera imene imalengezedwa poyera. Pa fomuyo amafuna dzina, sukulu imene adalembera mayeso, nambala ya mayeso ndi magiredi. Palibe mzere wofunsa za kafukufuku.

Magiredi a MSCE amayambira pa 1 kulekeza pa 9. Wopeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pomwe 9 ndi kulephera. Mapointi amene timamva aja amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, n'chifukwa chake mapointi 6 ndiwo apamwamba kuposa onse. Kuti mwana aganiziridwe kuyunivesite amafunika makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Wofuna udokotala amafunikanso kukhoza bwino Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics.

Apa m'pamene makolo ambiri amasokonezeka, chifukwa amangoyang'ana mapointi. Tiyerekeze atsikana awiri amene onse apeza mapointi 14. Woyamba wapeza 2 mu Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics, n'kupeza 3 mu Chingerezi ndi Agriculture. Wachiwiri wapeza 1 mu Chichewa ndi Bible Knowledge, 2 mu History ndi Agriculture, 3 mu Chingerezi ndi 5 mu Biology, koma Chemistry wapeza 6 ndipo Physics wapeza 7. Onse akhoza bwino, ndipo kunyumba konse kuwiri nthungululu ilira. Koma pakhomo la udokotala woyamba yekha ndiye angapikisane. Wachiwiri alibe kirediti mu Physics, ndipo palibe satifiketi ya kafukufuku imene ingatseke dzenje limenelo.

Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, choncho kungokwanitsa zofunikira sikutanthauza kuti mwana watengedwa. Amapikisana ndi anzake ochokera m'dziko lonse, ndipo chowasiyanitsa ndi magiredi omwewo. Zofunikira zenizeni za chaka chilichonse zimalembedwa m'chilengezo cha NCHE, ndipo n'kofunika kuti inu ndi mwana muchiwerenge limodzi, mzere ndi mzere. Paja safunsa adadya phula.

Nanga nkhani ya kafukufukuyi idachokera kuti?

Zimene mwana wanu waona pafoni si bodza, koma n'za kwina. Zambiri mwa izo amalemba ndi ophunzira a ku America, kumene njira ya udokotala ndi yosiyana ndi yathu. Kumeneko munthu sachoka kusekondale n'kulowa udokotala. Amayamba watenga digiri ya zaka zinayi, kenaka amalemba mayeso otchedwa MCAT, n'kuyamba kulembera sukulu zosiyanasiyana payekhapayekha. Dr Hastings Kamuzu Banda adadutsa njira ya masitepe awiri yomweyi: adatenga digiri yoyamba ku University of Chicago mu 1931, n'kudzamaliza udokotala ku Meharry Medical College mu 1937. Ku Meharry komweko n'kumene Dr Daniel Malekebu wa ku PIM ku Chiradzulu adamaliza udokotala mu 1917.

Wolembera udokotala ku America lero amakhala munthu wa zaka zopitirira 20, amene wakhala zaka zinayi payunivesite yokhala ndi malabotale komanso aphunzitsi ochita kafukufuku. Ambiri amathandizako aphunzitsi awo pa ntchito imeneyi, ndipo amailemba pa makalata awo ofunsira malo. Sukulu zina, makamaka zimene zimafuna kutulutsa madokotala odzakhala akatswiri a sayansi, zimaiwerengera kwambiri. Komabe ngakhale kumeneko, magiredi, mayeso olowera ndi nthawi imene munthu wakhala akuthandiza odwala ndizo zimakhala patsogolo.

Maiko ambiri sachita ngati America. Ku Britain ana amalowa udokotala akangomaliza mayeso a A-Level, atalembanso mayeso olowera ndi kufunsidwa mafunso pamaso. Ku South Africa ambiri amalowa ndi zotsatira za mayeso omaliza kusekondale. Malawi ali m'gulu limeneli la maiko amene amatenga mwana akadali wamng'ono n'kumuphunzitsa zonse m'kati. Tsono mwana wa ku Chigumula akatenga malangizo olembera munthu wa digiri ku Chicago n'kumadziyeza nawo, ali ngati wovala nsapato ya mwini: adzipweteka chabe.

Pamene kafukufuku amayamba kuwerengedwa

Wosankhidwa kuchokera ku MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, chimene amazamitsa Masamu ndi sayansi kuti afike pa mlingo wofunika. Akakhoza amalowa maphunziro enieni a udokotala, otchedwa MBBS, amene amatenga zaka zisanu. Zaka zoyambirira amaphunzira momwe thupi lidapangidwira, momwe limagwirira ntchito ndi momwe matenda amaligwirira. Zaka zotsatira amakhala m'mawodi, ku Gulupu ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo amapitanso ku Mangochi kukaphunzira za umoyo wa anthu m'midzi.

M'zaka zimenezi ndi momwe amaphunzitsidwa kafukufuku: kufunsa funso loyankhika, kuwerengera manambala, kusunga chinsinsi cha odwala ndi kulemba lipoti. Asanamalize amachita kafukufuku wawo moyang'aniridwa ndi aphunzitsi, ndondomeko yake itavomerezedwa ndi komiti ija. Ntchito zina zabwino zimasindikizidwa mu Malawi Medical Journal, magazini ya madokotala ya m'dziko muno. Zonsezi zili m'kati mwa maphunziro. Palibe chimene kholo liyenera kugula mwana asanalowe.

Akamaliza, dokotala watsopano amagwira ntchito miyezi 18 m'chipatala chachikulu moyang'aniridwa ndi akuluakulu, kenaka bungwe la Medical Council of Malawi limamulembetsa kuti atha kugwira payekha. Kuchokera apa m'pamene mbiri ya kafukufuku imayamba kutsegula zitseko. Wofuna kukhala katswiri wa matenda a ana, a amayi kapena wa maopaleshoni amaphunziranso zaka zinayi, ndipo samaliza osalemba kafukufuku wake. Wofuna thandizo la ndalama kuti akachite digiri yachiwiri kapena ya PhD, kuno kapena kunja, amafunsidwa kuti adafufuzapo chiyani ndipo adasindikizapo chiyani. Funso limene likumusowetsa tulo mwana wanu lero lidzafunsidwadi, koma patapita zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, ndipo pofika nthawiyo adzakhala ndi choyankha.

Zimene kafukufuku wa mu Blantyre watipatsa

Tisamuuze mwana kuti kafukufuku alibe ntchito, chifukwa tikhala tikumunamiza. Zambiri zimene inu mumalandira kuchipatala lero zidayesedwa mumzinda uno.

Mu 1989 Pulofesa Malcolm Molyneux ndi Dr Terrie Taylor, pamodzi ndi anzawo ogwira ntchito muwodi ya ana ku Gulupu, adalengeza njira yapafupi yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo aakulu. Woyeza amaona ngati mwana akutsata chinthu ndi maso, momwe akulirira, ndi momwe akuchitira akamva kuwawa, n'kupereka nambala kuyambira 0 mpaka 5. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo madokotala amaigwiritsa ntchito m'maiko ambiri kumene kuli malungo.

Amayi achikulire mukukumbukira nthawi ya kolorokwini. Atafufuza n'kupeza kuti mankhwalawa sakuchizanso ana, Malawi adakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya ngati mankhwala oyambirira a malungo, n'kuyamba Fansidar mu 1993. Fansidar naye atayamba kufooka, dziko lidasinthira ku LA mu 2007. Kukadapanda anthu owerenga kuti ndi ana angati akuchira ndipo ndi angati akubwereranso, bwenzi tikumwetsabe ana mankhwala osagwira.

Mu 2018 ana opitirira 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa adalowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa taifodi, makolo awo atavomera. Zotsatira zidaonetsa kuti katemerayo amachepetsa matendawa ndi pafupifupi magawo asanu ndi atatu mwa khumi, ndipo mu 2023 boma lidayamba kumupereka kwa ana m'dziko lonse. Mu April 2019 Malawi adakhalanso dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kusikelo. Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku osakwana kupuma, adayesedwa koyamba ku Gulupu. Mmodzi mwa atsogoleri a ntchito yopulumutsa makanda otere ndi Dr Queen Dube, dokotala wa ana amene adatsogolerapo nthambi ya ana pachipatalachi. Atsikana anu adziwe kuti njira imeneyi amayi anzathu adaidutsa kale.

Ntchito zimenezi sadagwire madokotala okha. Mudali anamwino, azamba, ma clinical officer, a mulabotale, oyenda m'makomo ndi mafomu, komanso amayi amene adavomera kubweretsa ana awo mwezi ndi mwezi. Mabungwe monga Malawi-Liverpool-Wellcome, amene ali pa Gulupu kuyambira 1995, amalemba ntchito Amalawi ambiri a maphunziro osiyanasiyana. Mwana wokonda kufufuza ali pa malo abwino. Chachikulu ndi chakuti alowe kaye pakhomo, ndipo kiyi wa khomolo ndi MSCE.

Misampha yofunika kuipewa

Msampha woyamba ndi wa masatifiketi ogula. Munthu akakuuzani kuti mwana alipire kuti aphunzire kafukufuku pa foni kapena pa holide n'cholinga choti akatengedwe ku udokotala, mufunseni akuonetseni pamene chilengezo cha NCHE chikutchula pepala limenelo. Sapapeza. Ndalama imeneyo ikhoza kugula buku la Chemistry, mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, kapena nyali ya sola yowerengera magetsi akazima.

Wachiwiri ndi wa munthu wonena kuti ali ndi m'bale wake m'kati amene angalowetse dzina. Maina a osankhidwa amalengezedwa poyera, ndipo ndalama yokhayo yolipira ndi yolembetsera ija, kudzera m'njira zimene chilengezo chatchula. Wopempha ina yapadera akufuna kukuberani.

Wachitatu ndi kusokoneza ganyu ndi maphunziro. Achinyamata ena omaliza Fomu 4 amapeza ntchito ya kanthawi yoyenda m'makomo kufunsa mafunso a mabungwe. Ndi ntchito yabwino, imaphunzitsa ulemu ndi kulemba mosamala, ndipo imabweretsa kangachepe. Koma sisintha giredi ya Physics. Chimodzimodzinso kulowa m'kafukufuku ngati woyezedwa: mwana wanu akapemphedwa kutero, ganizirani nkhaniyo payokha, mufunse mafunso onse, koma musavomere poganiza kuti zimupezetsa malo kusukulu.

Wachinayi ndi woopsa kuposa yonse. Mwana wachangu akhoza kuyamba kuzungulira m'mudzi ndi kope, kufunsa anthu za matenda awo, za magazi awo kapena za mimba zawo, ati akuchita kafukufuku. Musalole. Matenda a munthu ndi chinsinsi chake, ndipo nkhani yotere ikatuluka imaphwasula mabanja ndi kudanitsa anthu oyandikana. Mwana asaloledwenso kugwira odwala, kubaya kapena kupereka mankhwala pachipatala chilichonse, ngakhale wina atanena kuti akumuphunzitsa.

Wachisanu ukukhudza sukulu za kunja. Wina akabwera ndi zithunzi zokongola za sukulu ya udokotala ya kutali imene ikuti itenga mwana ngakhale magiredi ali ofooka, musanagulitse malo kapena ng'ombe pitani mukafunse ku NCHE ndi ku Medical Council of Malawi ngati pepala la sukuluyo lidzavomerezedwe kuno. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene inu mungachite kuyambira lero

Nkhondo ya udokotala imayamba mwana akamamaliza Fomu 2, pamene akusankha maphunziro a Fomu 3. Pitani kusukulu mukafunse aphunzitsi aakulu: kodi pano mumaphunzitsa Biology, Chemistry ndi Physics onse atatu? Aphunzitsi ake alipo? Ana amachita zoyeserera za mulabotale kangati? Mayeso a sayansi a MSCE ali ndi gawo lochita ndi manja, ndipo mwana amene akugwira zipangizo koyamba tsiku la mayeso amanjenjemera. Sukulu zambiri zoyendera zilibe labotale yokwanira. Mayi mmodzi akadandaula yekha mawu ake sapita patali, koma gulu lanu likafika pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi n'kupempha kuti ana azikayeserera kusukulu yoyandikana imene ili ndi zipangizo, kapena likasonkha n'kugula zochepa zofunika, zinthu zimasuntha.

Chachiwiri ndi nthawi. Mtsikana amene amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, pobwera kusukulu n'kuphika, kuchapa ndi kulera ang'ono ake, amafika pa buku maso akulemera, pomwe mlongo wake wawerenga kale maola awiri. Gawani ntchito za pakhomo mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana, ndipo wa Fomu 4 mumuchepetsere. Masamu ndi Physics sizilowa pongowerenga. Zimafuna kukhala pansi ndi pensulo tsiku ndi tsiku.

Chachitatu ndi Chingerezi. Mabuku onse a udokotala ali m'Chingerezi, ndipo wopanda kirediti ya phunziroli saganiziridwa n'komwe. Mwana aziwerenga nyuzipepala, mabuku a nthano ndi chilichonse chimene angabwereke kusukulu kapena kulaibulale ya boma m'tauni.

Chachinayi ndi mtima wofufuza, umene ndiwo mbewu yeniyeni ya kafukufuku, ndipo sufuna ndalama. Mpatseni kope lakale. Ayese kuti madzi amawira msanga bwanji pa mbaula mphika ukavundikiridwa ndi pamene uli wosavundikira, abwereze kasanu, alembe mphindi zake. Awerenge kuti tomato wosungidwa m'dengu pamthunzi amatha masiku angati poyerekeza ndi wa m'pepala la pulasitiki. Atenge buku la kusikelo la mng'ono wake akufotokozereni tanthauzo la mzere wokwera uja. Zotsatira zikasiyana ndi zimene amayembekezera, mulimbikitseni alembe zimene waonazo, osati zimene amafuna. Kusabisa zimene wapeza ndilo phunziro lalikulu la wofufuza aliyense, ndipo limaphunziridwa pakhomo. Ngati kusukulu kuli kalabu ya sayansi, alowe. Zimenezi sizilembedwa pa fomu ya NCHE, koma zimaoneka m'magiredi, chifukwa mwana wozolowera kuyeza ndi kulemba samaloweza sayansi ngati nyimbo, amaimvetsa.

Chachisanu, muthandizeni kudziwa ngati ntchitoyi akuifunadi. Inu mumayendera odwala m'makomo ndi m'zipatala. Wodwala akalola, mutengeni mwanayo akathandize kutunga madzi, kusesa ndi kucheza naye. Ana ena amakopeka ndi jekete loyera ndi ulemu wa dzina, koma sapirira fungo la wodi kapena kubuula kwa munthu. Ndi bwino adziwe ali Fomu 3 kusiyana ndi kudzazindikira atatha zaka zitatu kuyunivesite. Winanso adzabwerako mtima utatsimikiza, ndipo ameneyo simudzachitanso kumukumbutsa kuwerenga.

Akapanda kusankhidwa

Ana ambiri okhoza bwino satengedwa ku MBBS, ndipo si mapeto. Polemba fomu, mwana asaike udokotala wokha. KUHeS imaphunzitsanso za mankhwala, za mano, za mulabotale, za mafizo, unamwino ndi uzamba. Malawi College of Health Sciences, imene ili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, imaphunzitsa ma clinical officer, amene ndiwo amaona odwala ambiri m'zipatala za m'maboma, ena mpaka kuchita maopaleshoni a amayi oyembekezera. Palinso sukulu za mipingo za pansi pa bungwe la CHAM, monga St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe ndi Malamulo ku Thyolo, komanso Catholic University ku Nguludi komweko, imene imaphunzitsa unamwino ndi uzamba.

Ena amabwereza Fomu 4 kuti akonze magiredi a sayansi. Musanalipire, werengani chilengezo kuti mudziwe momwe amawerengera mayeso obwereza. Enanso amadzalowa udokotala pambuyo pake, atatenga A-Level kapena maphunziro ena a sayansi ndi a zaumoyo, kudzera m'chilengezo chimene yunivesite imatulutsa payokha. Pa njira imeneyi mapepala a ku koleji ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito zimawerengedwa. Za fizi, dziwani kuti pali bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board limene limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, ndipo mwana alembere akangosankhidwa.

Tsono mwana uja akadzakupezaninso madzulo ndi foni yake, muuzeni aike pansi, mukhale naye pamkeka. Mufunseni kuti teremu yathayi adapeza bwanji Masamu, Biology, Chemistry, Physics ndi Chingerezi. Pamene pali pofooka, yambirani pomwepo mawa m'mawa. Kafukufuku akumudikira ku Gulupu, ndipo sathawa.